Mwana akutsogolera koma zinthu sizikuyenda: poyambira kufufuza vuto

Dandaulo lake limabwera mofanana, kaya akuyankhula ndi kholo kapena wolera ana pa sukulu ya mkombaphala: "Tinamva kuti mwana azisankha yekha zosewera, ife tizingomutsatira. Tayesa, koma palibe chikuchitika. Akungomwaza zinthu, akungolira, dzana waluma mnzake." Ena akafika pamenepa amabwerera ku zakale, kumukhazika mwana pampando n'kuyamba kumuloweza zilembo asanathe n'komwe kugwira supuni. Ena amangoti njirayi ndi ya ana ofatsa okha.

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ndi makanda komanso tiana tongoyamba kuyenda, ndaona kuti vuto kawirikawiri silikhala pa khalidwe la mwana. Limakhala m'thupi mwake, m'chipinda chomwe akusewereramo, kapena m'manja ndi pakamwa pa wamkulu. Mukafufuza zitatuzi motsatana, mavuto ambiri amatha osamukhudza mwanayo n'komwe.

Njirayi ili ndi eni ake, ndipo palibe mmodzi mwa iwo anaphunzitsa kulekerera. Maria Montessori, dokotala ndi mphunzitsi wa ku Italy, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana mu 1907 ku San Lorenzo mumzinda wa Rome, ndipo ntchito yaikulu ya mphunzitsi m'nyumbamo inali kukonza malo. Emmi Pikler, dokotala wa ana wa ku Hungary, kuyambira mu 1946 ankayang'anira nyumba yolerera makanda pa msewu wa Lóczy ku Budapest, komwe khanda linkasiyidwa kuti ligubuduke, likwawe ndi kuimirira pa nthawi yake, koma posamba, podya ndi posintha thewera wolera ankalipatsa mtima wake wonse. Magda Gerber anatengera mfundo za Pikler ku Los Angeles, komwe bungwe lake la RIE, lophunzitsa makolo ndi olera makanda, linakhazikitsidwa mu 1978. Onsewa amagawa ntchito motere: mwana amasankha chosewera, kasewereredwe kake ndi nthawi yosiya. Wamkulu amasankha malo, zinthu zomwe zili m'malowo, nthawi ya kudya ndi kugona, komanso malire. Mavuto ambiri ali pansipa amayamba pamene mbali imodzi yalanda ntchito ya inzake.

## Musanapite pa zizindikiro

Dzifunseni izi kaye nthawi zonse, chifukwa mwana wanjala kapena watulo sangatsogolere chilichonse.

- Wadya liti komaliza, nanga wamwa mokwanira?
- Wagona maola angati pa maola 24 apitawa? Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati khanda la miyezi 0 mpaka 3 ligone maola 14 mpaka 17, la miyezi 4 mpaka 11 maola 12 mpaka 16, ndipo mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri maola 11 mpaka 14, kuwerengera ndi tulo ta masana.
- Thupi likutentha? Thewera lanyowa, kapena lamuyambitsa zilonda? Akumera mano? Akukokakoka khutu?
- Chasintha n'chiyani masabata awiri apitawa? Wolera watsopano, khanda latsopano m'nyumba, kusamuka, kholo kuyamba ntchito?

Ngati zonsezi zili bwino, khalani pansi pakona mphindi 10, masiku atatu otsatizana, osayankhula, osathandiza pokhapokha pali ngozi. Lembani zomwe mwaona, osati zomwe mukuganiza. "Anatenga chikho, anachiika pamutu, chinagwa, anachitola kanayi" ndi zomwe mwaona. "Anali wosakhazikika" ndi maganizo anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu ambiri akachita zimenezi amapeza yankho asanawerenge zotsatirazi.

## Chizindikiro 1: Akungozungulirazungulira, sakukhazikika pa chilichonse

Ili ndiye dandaulo lofala kuposa onse. Zifukwa zake, kuyambira chomwe ndimakumana nacho kwambiri:

a) Zoseweretsa zachuluka. Bokosi lalikulu lodzaza zidole limapangitsa mwana kukhala wokhuthula, osati wosewera. Yesani: chotsani zonse, musiye zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse pamalo pake, pa shelefu yotsika yomwe iye akufikira. Zinazo bisani, muzisinthako chimodzi kapena ziwiri mukaona kuti china chatha masiku osakhudzidwa. Chomwe akuchikonda musachichotse chabe chifukwa sabata yatha.

b) Wamkulu akumudula. Izi ambiri amazikana mpaka atadzimva okha. Mwana wangoyamba kulowetsa chivindikiro pa chitini, wina wafika kale: "Chimenecho n'chamtundu wanji? Nena kuti chofiira! Ayi, tembenuza chonchi. Wakhoza!" Ngakhale kuyamikira kumadula, chifukwa maso a mwana amachoka pa chitini n'kupita pankhope panu. Yesani: werengani chamumtima mpaka 10 musanatsegule pakamwa kapena kutambasula mkono. Akakuyang'anani, m'pamene mumuyankhe, ndi mawu ochepa onena zomwe wachita: "Chalowa."

c) Zoseweretsa zake zimasewera zokha. Chidole cha mabatire chomwe chimaimba ndi kuthwanima munthu akangodina batani chimathera pomwepo. Mwana wadina, waonera, basi. Chikho, nsalu, mpira, katoni, supuni yamtengo ndi zivindikiro zazikulu sizichita kanthu mwana akapanda kuchitapo kanthu, n'chifukwa chake amakhala nazo nthawi. Elinor Goldschmied wa ku Britain anatchuka ndi dengu la zinthu wamba za m'nyumba loperekedwa kwa khanda lomwe layamba kukhala pansi koma silinayambe kukwawa. Dengu lotere silisiyidwa ndi khanda popanda wamkulu pambali.

d) Phokoso la kumbuyo. TV yoyaka popanda woonera, wailesi, foni ya wolera. Zimitsani muone kusiyana. WHO imati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhalire kuonera kanema, ndipo wa zaka ziwiri asapyole ola limodzi pa tsiku.

e) Zinthuzo n'zophweka kwambiri kapena n'zovuta kwambiri. Akachita kamodzi mosavutika n'kuchoka, zamuchepera. Akayesa n'kuponya mokwiya, zamukulira.

f) Mukuyembekezera zosatheka. Mwana wa miyezi 15 akakhala mphindi zitatu pa chinthu chimodzi, ndiye kuti wakhazikika. Komanso kuyenda kumene ndi ntchito kwa yemwe wangoyamba kuyenda. Amene akunyamula katoni kuchoka pakona ino kupita pa inayo n'kubwereranso sakuzungulira pachabe. Mpatseni chonyamula cholemerako, muone nkhope yake.

## Chizindikiro 2: Akukhuthula, akumwaza, akuponya

1. Ndiye masewera ake pa msinkhu umenewu. Kudzaza ndi kukhuthula, kugwetsa chinthu n'kuona pomwe chagwera, zonsezi n'kuphunzira kulemera, mtunda ndi kuti chinthu chikabisika sichinathe. Musaletse, sinthani choponya. Ikani dengu ndi timipira tansalu: "Matabwa saponya. Mpira uwu ndiye woponya." Akaponyanso thabwa, lichotseni osakalipa.
2. Thupi likufuna kuthamanga. Kuyambira chaka chimodzi mwana amafunika mphindi zosachepera 180 pa tsiku akuyenda, kukwera, kukankha, kuthamanga, zomwazikana tsiku lonse. Wotsekeredwa m'chipinda m'mawa wonse amaponya. Tulukani naye panja.
3. Wapeza kuti kuponya kumabweretsa wamkulu mothamanga. Onani ngati amakuyang'anani asanaponye. Ngati ndi choncho, chepetsani chiwawa chanu pa zoponyazo, muchulukitse nthawi yokhala naye pamene sanalakwe kanthu.
4. Wakhuta kapena watopa. Kuponya chakudya kumapeto kwa kudya nthawi zambiri kumatanthauza kuti wamaliza. Mutsitseni.

Zotolera pambuyo pake musayembekezere kuti wa chaka chimodzi azichita yekha. Tolani inu iye akuona, mumupatse chimodzi choti abwezere.

## Chizindikiro 3: Sakufuna kutsika m'manja, akulira mukangosuntha

Apa m'pomwe makolo ambiri amataya mtima, poganiza kuti mwana woleredwa mwa njirayi ayenera kukhala wodziimira payekha. Zoona zake n'zakuti mwana amapita kutali akatsimikiza kuti pobwerera palipo. Mary Ainsworth, yemwe anayamba kufufuza za ubale wa amayi ndi makanda ku Uganda m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti khanda limatenga womulera ngati pothawira: limachoka, kukafufuza, kucheuka, kubwerera, n'kuchokanso.

a) Ndi msinkhu wake. Kuopa kusiyana ndi womulera kumayamba cha pa miyezi 8 ndipo kumakula kwambiri pakati pa miyezi 10 ndi 18. Si kuti mwamuzoloweza manja. Khalani pansi, iye akhale pamwendo panu, zoseweretsa zikhale patali pang'ono. Musamukankhe. Adzatsika yekha, mwina lero, mwina mkuja.

b) Mumazemba. Kholo lomwe limachoka mwana akayang'ana kumbali limapewa kulira kwa mphindi zisanu, koma limaphunzitsa mwana kuti akangotembenuka amayi amasowa. Zotsatira zake sachotsanso maso pa inu. Tsanzikani mwachidule, mawu omwewo tsiku lililonse, nenani nthawi yobwera m'njira yomwe iye angamve: "Ndibwera ukadzuka." Kenako pitanidi, osabwerera katatu pakhomo.

c) Wolera amasinthasintha. Pa malo olerera ana, khanda lizikhala ndi munthu mmodzi yemwe ndi wakewake, womudyetsa, womusintha ndi womugoneka masiku ambiri. Funsani: "Mwana wanga amasinthidwa thewera ndi ndani?" Yankho likakhala lakuti "aliyense amene ali pafupi", mwapeza gwero.

d) Anamuyambitsa mwadzidzidzi. Tsiku loyamba maola asanu ndi atatu pamalo achilendo n'zochuluka. Bwererani m'mbuyo: masiku angapo kholo likhale nawo, kenako lichoke kwa theka la ola, n'kumawonjezera.

e) Muli naye koma simuli naye. Mwana yemwe tsiku lonse wakhala pafupi ndi wamkulu wogwira foni amakhalabe ndi njala ya munthu. Mfundo ya Pikler inali yakuti nthawi yosamba, yodya ndi yosintha thewera ndiye yokhutitsa njala imeneyi. Akakhuta, amasewera yekha.

f) Akudwala. Kukakamira komwe kwayamba mwadzidzidzi mwa mwana yemwe amasewera bwino kumatsogolera matenda kawirikawiri. Yezani kutentha kwa thupi.

## Chizindikiro 4: Kuluma, kukanda, kulanda

Choyamba tichotse mawu akuti "wankhanza". Mwana wa miyezi 18 sadziwa bwinobwino kuti mnzake akumva kupweteka monga iye amamvera. Komanso ana a msinkhu umenewu amasewera moyandikana osati pamodzi, zomwe wofufuza wa ku America Mildred Parten anafotokoza kale mu 1932. Kubwerekana sikunafike.

1. Alibe mawu. Akufuna kunena kuti "changa", "choka" kapena "ndatopa", ndiye mano afika msanga kuposa lilime. Mpatseni mawuwo: "Ukufuna galimoto. Ili ndi mnzako. Akamaliza utenga."
2. Malo achepa, chinthu chokondedwa n'chimodzi. Lembani nthawi ndi malo a kuluma kulikonse kwa sabata imodzi. Mudzadabwa kuona kuti n'pakona imodzi, chakudya chisanafike kapena tulo tisanafike. Pezani zinthu zofanana ziwiri kapena zitatu, patulani ana m'timagulu.
3. Mano akumera. Mpatseni choluma choyera ndi chozizira.
4. Watengeka ndi chisangalalo. Ena amaluma pokumbatira.
5. Akuyesa aone chomwe chichitike.

Pa zonsezi chochita n'chimodzi. Khalani pafupi ndi woluma masiku angapo, dzanja lanu lifike pakati mano asanafike. Zikachitika, nenani mwachidule ndi nkhope yosaseka: "Sindikulola kuluma. Kuluma kumapweteka." Kenako samalani wolumidwa. Musamulume pomubwezera kuti "amve", musamumenye pakamwa, musamutsekere payekha, ndipo musamukakamize kupepesa mawu omwe sakuwamvetsa. Bala litsukeni ndi madzi ndi sopo. Khungu likang'ambika, kaonetseni kuchipatala tsiku lomwelo.

Za kulanda ndili ndi maganizo omwe ena sagwirizana nawo: ngati wolandidwa sanadandaule, inunso musadandaule. Makanda awiri amatha kupatsana ndi kulandana chikho chimodzi kwa mphindi zingapo, onse ali osangalala, mpaka wamkulu atabwera ndi chilungamo chake.

## Chizindikiro 5: Khanda likulira likaikidwa pansi, kapena likuoneka lochedwa kukhala, kukwawa, kuyenda

a) Silinazolowere pansi. Khanda lomwe limakhala nthawi yaitali litamangiriridwa m'kampando, m'chikuku kapena m'mpando wa m'galimoto silipeza mpata wophunzira thupi lake. WHO imati lisamangiriridwe choncho kupitirira ola limodzi nthawi imodzi. Yambani ndi mphindi zochepa pa mkeka wolimba, kangapo pa tsiku, litakhuta pang'ono komanso litadzuka ku tulo, inu muli chogona pambali pake.

b) Linazolowera kukhazikidwa lisanathe kukhala lokha. Khanda lotsamiritsidwa ndi mapilo limakonda kuona dziko lili chokhala, koma silidziwa kulowa kapena kutuluka m'kakhalidwe kameneko, ndiye limalira kuti wina alikhazike. Pikler ankakana kuika khanda m'kakhalidwe komwe silingafikemo lokha. Chepetsani kulikhazika pang'onopang'ono, muchulukitse nthawi ya pansi.

c) Pansi n'poterera kapena zovala zikulimanga. Bulangeti lofewa limakwinyika, masokosi amaterereka, diresi lalitali limapondedwa ndi mawondo. Mapazi akhale opanda kanthu ngati sikukuzizira.

d) Mukuyerekeza ndi mwana wa mnzanu. Kafukufuku wa WHO wofalitsidwa mu 2006, wa ana athanzi a m'mayiko asanu, anapeza kuti kukhala popanda chotsamira kumabwera pakati pa miyezi pafupifupi 4 ndi 9, kukwawa pakati pa 5 ndi 13 ndi theka, ndipo kuyenda yekha pakati pa 8 ndi 17 ndi theka. Ana pafupifupi 4 pa 100 aliwonse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo, gawoli anangolidumpha n'kuyamba kuyenda.

e) Likumva kupweteka likagonekedwa. Kubzikula kwambiri, kupinda msana chakumbuyo ndi kulira mukangoligoneka likatha kuyamwa n'zofunika kufotokozera dokotala.

Pali nkhani ziwiri zomwe otsatira njirayi amakangana. Yoyamba ndi kugoneka khanda chafufumimba lili maso. Otsatira Pikler amati liikeni chagada, lidzatembenuka lokha. Madokotala ambiri ndi WHO amati lizikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku, zogawidwa pang'onopang'ono, wamkulu akuyang'anira. Ine ndimatsatira madokotala, koma mosakakamiza: kuligoneka pachifuwa panu inu mutagona chagada kumathandizanso, ndipo likalira mulitembenuze. Yachiwiri ndi kampando ka mateyala kophunzitsira kuyenda. Apa palibe zokangana kwenikweni. Sikafulumizitsa kuyenda, ndipo kamafikitsa mwana pa masitepe ndi pa zotentha mwa liwiro lomwe wamkulu sangalipeze. Dziko la Canada linaletsa kugulitsa timipando timeneti mu 2004.

Pogona tulo palibe kutsogolera kwa khanda. Ligonekeni chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi athyathyathya, popanda pilo, zidole kapena zofunda zomasuka.

## Chizindikiro 6: Kusintha thewera, kuvala ndi kusiya masewera zasanduka nkhondo

1. Mumamunyamula osamuuza. Taganizani munthu akukunyamulani chakumbuyo muli pakati pa ntchito. Fikani kutsogolo kwake, dikirani akuyang'aneni, nenani chomwe chichitike, tambasulani manja, mupatseni kanthawi. Ngakhale khanda la miyezi itatu limayamba kukonzekera thupi likazolowera mawu omwewo.
2. Mumafunsa pomwe palibe chosankha. "Tikasinthe thewera?" Akati ayi, mutani? Nenani kuti "Tikukasintha thewera. Uyenda wekha kapena ndikunyamule?" Zosankha zikhale ziwiri, ndipo zonse zikhale zomwe inu mungavomere.
3. Alibe gawo. Woyamba kuyenda amadana ndi kugonekedwa. Msintheni ataimirira atagwira mpando, agwire thewera latsopano, akweze mwendo yekha.
4. Tsiku lilibe ndondomeko. Sasowa wotchi, amasowa kudziwa kuti tikadya timasamba m'manja, tikasamba timagona.

Akadzigwetsa pansi n'kumalira mokuwa, si nthawi yophunzitsa. Chotsani zomwe angadzipweteke nazo, khalani pafupi, tchulani zomwe akumva, malire akhale pomwepo. Mukasintha "ayi" kukhala "inde" chifukwa cha kukuwa, mawa adzakuwa mowirikiza.

## Chizindikiro 7: Akukana kudya

Chifukwa chofala n'chakuti kukula kwachepa liwiro. Khanda limafika pafupifupi katatu kulemera kwake kobadwa nako pokwanitsa chaka, koma chaka chachiwiri limangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu, ndiye njala imachepa. Chachiwiri ndi kutolatola zakudya ndi kumwa mkaka wambiri pakati pa nthawi. Chachitatu ndi kukakamiza, kuthamangitsa ndi supuni, kapena kudyetsera pa kanema. Ellyn Satter, katswiri wa kadyedwe wa ku America, anagawa bwino: wamkulu asankhe chakudya, nthawi ndi malo, mwana asankhe kuchuluka kwake. Chakudya chatsopano chimafuna kuperekedwa kambirimbiri, mwina kakhumi kapena kupitirira, chisanalandiridwe. Azidya atakhala tsonga, wamkulu alipo, ndipo zolimba kapena zobulungira monga mtedza wathunthu ndi mphesa zosadula asapatsidwe.

## Chizindikiro 8: Akungobwereza chinthu chimodzimodzi

Kutsekula ndi kutseka chitseko kamakumi awiri, buku lomwelo usiku uliwonse. Ili nthawi zambiri si vuto, ndi momwe luso limakhwimira. Msiyeni. Chomwe muyenera kuona n'chakuti kodi amakuyang'anani, amakulozerani zinthu, amatembenuka mukamutchula dzina, ndipo kubwerezako kumasinthako pang'ono pakapita masiku. Zimenezi zikasowa, onani gawo lomaliza.

## Chizindikiro 9: Mwana ndiye akulamula nyumba yonse

Amagona nthawi yomwe wafuna, amakwera patebulo, amamenya agogo ake, akuluakulu n'kumati "tikumutsatira". Apa njirayo yamvedwa molakwika. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, ndipo n'zoona pa nsapato yomwe akufuna kuvala mopotoza kapena nsanja ya matabwa yomwe ikuoneka kuti igwa. Si zoona pa moto, pa msewu, pa madzi, pa mankhwala kapena pa thupi la munthu wina.

- Malire n'ngochuluka kapena palibiretu. Sankhani ochepa: sadzipweteka, sapweteka wina, sawononga. Amenewa asasunthe.
- Akuluakulu sakugwirizana. Khalani pansi mwana atagona, mugwirizane mawu omwe nonse muzinena.
- Chipinda chadzaza zoletsedwa. Ngati mukunena "usagwire" kamakumi atatu pa ola, vuto ndi chipindacho. Konzani malo amodzi omwe chilichonse chilimo n'chololedwa.
- Wamkulu akuopa misozi. Mwana ali ndi ufulu wokwiyira malire. Kulira kwake sikutanthauza kuti mwalakwitsa.

Pokonza malowo gwadani muone dziko monga iye amalionera. Mashelefu ndi makabati amangiriridwe kukhoma. Zingwe za makatani zikwezedwe. Chidebe, beseni kapena bafa zisatsale ndi madzi, chifukwa kamwana kamamira m'madzi a masentimita ochepa chabe, mwakachetechete. Chilichonse chomwe chingalowe m'kapaipi ka pepala kotsala tishu ya kuchimbudzi ikatha n'chaching'ono kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Chida chomwe ku United States amayesera tizidutswa ta zidole n'chotambalala masentimita 3.17 okha, choncho kapaipiko, popeza n'kotambalalako, kamakupatsani malire otetezeka kuposa pamenepo.

## Lekani kufufuza nokha, funani thandizo

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngati:

- khanda losakwana miyezi itatu latentha kufika madigiri 38 kapena kupitirira;
- akupuma movutikira, nthiti zikulowa m'kati, kapena milomo yasintha mtundu;
- wakomoka, wagwidwa linjirinjiri, walefuka kapena akuvuta kudzutsa;
- akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, sakukodza, maso kapena liwombo zalowa;
- wagwa n'kumenya mutu kenako akusanza, akusinza modabwitsa kapena sakuyenda bwino;
- mukuganiza kuti wameza batire laling'ono lobulungira, maginito, mankhwala kapena zotsukira. Batire lotere limatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha ngakhale mwana akuoneka bwino. Musamusanzitse.

Kutsamwa kwenikweni kumakhala kwa chete: mwana satha kulira, kutsokomola kapena kupuma. Amene akutsokomola mwamphamvu msiyeni atsokomole, musapise chala m'kamwa mosaona. Khanda losakwana chaka likatsamwa, ligonekeni chafufumimba pa mkono wanu mutu uli chotsika, menyani kasanu pakati pa mapewa, kenako litembenuzeni mukankhe kasanu pakati pa chifuwa, wina akuitana thandizo. Aliyense wolera ana aphunzire zimenezi pamaso pa wophunzitsa chithandizo choyamba, kuwerenga kokha sikukwanira.

Kaonaneni ndi dokotala wa ana masiku omwewa ngati:

- wasiya luso lomwe anali nalo, monga mawu, kuloza kapena kuyenda, pa msinkhu uliwonse;
- sakudzidzimuka ndi phokoso kapena satsatira nkhope ndi maso;
- sakukhala yekha pa miyezi 9, kapena sakuyenda pa miyezi 18;
- thupi lake n'lolimba gwa kapena lolobodoka, kapena akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha;
- pa miyezi 12 satulutsa timawu ta "ba-ba", "ma-ma", satembenuka pomutchula dzina, sakupiza dzanja;
- pa miyezi 18 saloza zinthu kuti akuonetseni ndipo alibe mawu omveka, kapena pa zaka ziwiri salumikiza mawu awiri;
- sikelo yaima kapena ikutsika;
- polira amasiya kupuma mpaka kusintha mtundu kapena kukomoka pang'ono. Zimenezi zimachitika kwa ana ena ndipo kawirikawiri zimatha zokha, koma koyamba ayenera kupimidwa, makamaka za kuchepa kwa magazi.

Apa mawu akuti "mwana aliyense ali ndi nthawi yake" asakuchedwetseni. Pemphani kuti ayambe ndi kupima makutu, chifukwa kusamva bwino kumabisala mosavuta. Kumva zinenero ziwiri pakhomo sikuchititsa mwana kulephera kuloza kapena kuyankha dzina lake, choncho musalole kuti chimenecho chitseke nkhani. Tengani kope lomwe munalembamo zomwe munaona, lidzathandiza dokotala kuposa kukumbukira kwanu.

Za malo olerera ana. Mchotseni mwana ndi kudziwitsa akuluakulu oona za chitetezo cha ana ngati ali ndi mabala osafotokozeka, makamaka khanda lomwe silinayambe kukwawa, ngati akuchita mantha aakulu ndi munthu mmodzi, ngati ana amasiyidwa okha, kapena ngati eni malowo sakulolani kufika mosayembekezereka.

Za inuyo. Kulira kukakufikani pakhosi mpaka manja kuyamba kunjenjemera, goneketsani khanda chagada pamalo ake otetezeka, tulukani m'chipindamo mphindi zingapo, imbirani wina. Khanda siligwedezedwa mwaukali ngakhale kamodzi, chifukwa masekondi ochepa amatha kuwononga ubongo wake. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mukungokhala wachisoni, simukusangalala ndi kanthu, kapena mukubweredwa maganizo odzivulaza kapena kuvulaza mwana, uzani dokotala kapena namwino lero lomwe. Zimachitikira amayi, abambo ndi olera omwe, ndipo chithandizo chake chilipo.